Kusiyana kwa "imitate" ndi "emulate": malangizo kwa olemba Chingerezi

Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi kusekondale, palibe teremu imene yatha popanda wina kundifunsa ngati aneni awiri awa, "imitate" ndi "emulate", ali ndi tanthauzo limodzi. Amafunsa ophunzira a Fomu 4 akamakonzekera mayeso a MSCE, amafunsa alembi a makomiti amene apatsidwa ntchito yolemba mawu oti mlendo wolemekezeka akayankhule pamwambo, ndipo posachedwapa wandifunsa mphwanga amene ali kalikiliki kulemba makalata ofunsira ntchito. Ndaganiza zolemba yankho lonse pamalo amodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomulozera pano.

Chisokonezochi chili ndi gwero lake. Tikamamasulira mwachangu m'Chichewa, aneni onse awiri timawapatsa liwu limodzi lakuti kutsanzira. Komanso nyuzipepala zathu za Chingerezi zimakonda kwambiri "emulate", moti nkhani ya kampani imene yapereka mabulangete kuchipatala kawirikawiri imathera pa mkulu wina kupempha ena kuti achite zimene atolankhani amati "emulate the gesture". Wophunzira akawerenga zimenezi kambirimbiri amayamba kukhulupirira kuti "emulate" ndi "imitate" yemweyo, kungoti ndi wapamwamba, woonetsera kuti munthu anapita kusukulu. Ndiye amalemba m'chimangirizo chake kuti mwana wina "emulated the sound of a goat", ndipo wochonga amadula mzere wofiira pansi pake. Tsatirani masitepe ali m'munsiwa mwadongosolo lake, ndipo mukafika pa lachinayi musathamange.

1. Yambani mwanena chiganizocho m'Chichewa

Musanatsegule mtanthauziramawu, nenani zimene mukufuna kulemba m'chiyankhulo chathu, ndipo mumvetsere mneni amene watuluka pakamwa panu, chifukwa Chichewa chimasiyanitsa kale zinthu zimenezi ngakhale kuti sitiziganizira. Kutsanzira ndi kuchita monga mmene wina akuchitira, ngati mwana akamatsanzira kayendedwe ka agogo ake, kapena zinkhwe zikamatsanzira mawu a anthu. Kutengera chitsanzo ndi kuona munthu amene wachita bwino, kumusirira, n'kuyesetsa kuti nawenso ukafike pamene iye wafika. Kukopera ndi kulemba kapena kujambula chinthu mmene chilili, monga wophunzira akamakopera notsi za pabolodi. Palinso kutengera kwa kumtundu, kumene timanena tikati mtsikana uyu anatengera mayi ake msinkhu, kapena akuluakulu akamati make mbuu, mwana mbuu.

Kawirikawiri kutsanzira kumakupititsani kwa "imitate", kutengera chitsanzo kwa "emulate", kukopera kwa "copy", pamene kutengera kwa kumtundu ndi "take after". Ambiri amapunthwa pa komalizaku chifukwa liwu lakuti kutengera likupezeka pawiri. Munthu sachita khama lililonse kuti atengere mphuno ya bambo ake, pamene "emulate" amafuna khama nthawi zonse. Dziwani komabe kuti sitepe ili palokha silikwanira, pakuti ifenso nthawi zina timati "tsanzirani khalidwe lake labwino", pamene tikutanthauza kutengera chitsanzo.

2. Gwirani tanthauzo la "imitate"

Mneni ameneyu anachokera ku liwu la Chilatini lakuti "imitari", limene lili pachibale ndi "imago", gwero la liwu la Chingerezi lakuti "image", kutanthauza chithunzi. Chithunzicho chikuthandizani kukumbukira: munthu amene akuchita "imitate" akutulutsa chinthu chofanana ndi chinzake m'maonekedwe, m'kamvekedwe kapena m'kachitidwe. Chimene akutsanziracho mukhoza kuchiona ndi maso kapena kuchimva ndi makutu, monga mawu, katchulidwe, kavalidwe, kavinidwe, kalembedwe ka pamanja kapena kulira kwa nyama.

Chofunika kudziwa n'chakuti "imitate" sanena chilichonse za cholinga cha wotsanzirayo. Mukalemba kuti "The boy imitated the headteacher's voice and the class laughed", mnyamatayo amaseka aphunzitsi aakulu. Mukalemba kuti "Babies learn to speak by imitating their mothers", palibe chipongwe chilichonse, ndi mmene mwana aliyense amaphunzirira kuyankhula. Aphunzitsi ena amauza ana kuti "imitate" ndi woipa pamene "emulate" ndi wabwino, koma lamulo limenelo ndi lofupikitsidwa mopitirira muyeso. Mabaibulo angapo a Chingerezi chamakono, pa Aefeso 5:1, amauza okhulupirira kuti akhale "imitators of God", ndipo palibe angaganize kuti pamenepo akulamulidwa chinthu chonyansa.

Pamene fungo loipa limamveka ndi pa dzina lakuti "imitation" likaikidwa patsogolo pa dzina la katundu. Nsapato za "imitation leather" ndi zimene zimaoneka ngati zachikopa koma si zachikopa chenicheni, ndipo ndolo za "imitation gold" ndi zimene pamsika timangoti zafeki. Pamalo amenewa simungaikepo "emulation".

3. Gwirani tanthauzo la "emulate"

Uyu anachokera ku liwu lina la Chilatini, "aemulus", limene limatanthauza munthu wopikisana naye. Aneni onse awiri analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500, koma "emulate" anabwera ndi mtima wa mpikisano, ndipo mpaka lero tanthauzo lake ndi kuyesetsa kufanana ndi munthu amene wachita bwino, kapena kumuposa kumene, chifukwa chomusirira. Muli zinthu zitatu m'menemo: munthu kapena ntchito imene yapambana, mtima wosirira, ndi khama lofuna kufikapo. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, kaikirani ngati mwasankha mneni woyenera.

N'chifukwa chake simungachite "emulate" munthu pofuna kumunyoza, ndiponso simungachite "emulate" kulira kwa mbuzi, pakuti mbuzi sinapambane chilichonse polira. N'chifukwa chakenso mneni ameneyu amakonda kuyenda ndi anzake onena za kuyesa ndi kuyembekezera, monga "try to emulate" ndi "hope to emulate". Wosirirayo ndi mwininkhani wa chiganizo, osati inu wolemba. Mukhoza kulemba kuti "Some boys emulate the criminals they see in films", ndipo chiganizocho n'cholondola ngakhale inu simukuyamikira zigawengazo, chifukwa anyamatawo ndi amene akuziona ngati anthu opambana.

Amene mumawerenga Baibulo la Chingerezi la King James, lomwe linatuluka m'chaka cha 1611, mwina munadabwapo kupeza liwu lakuti "emulations" pamndandanda wa ntchito za thupi pa Agalatiya 5:20. Nthawi imeneyo liwuli linkatanthauzanso nsanje ndi mpikisano wa kaduka, ndipo mabaibulo atsopano amalembapo "jealousy". Tanthauzo limenelo linatha ntchito, choncho musalitengere m'chimangirizo chanu.

4. Dzifunseni ngati nkhani ili pa kachitidwe kapena pa zotsatira

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene mabuku ambiri amangodutsapo. Vuto limabwera pamene aneni onse awiri akulowa bwinobwino m'chiganizo chimodzi, monga "He imitated his father" ndi "He emulated his father". Ziganizo ziwirizi n'zolondola pa malamulo a chiyankhulo, koma sizikunena chinthu chimodzi. "Imitate" amayang'ana mmene chinthu chikuchitikira, pamene "emulate" amayang'ana pamene munthu wafika.

Taganizirani mnyamata amene akuphunzira utelala pakhonde la sitolo. Miyezi yoyambirira amayang'anitsitsa abwana ake, ndipo posakhalitsa nayenso wayamba kukoleka tepi m'khosi, kulemba mizere pansalu ndi kachidutswa ka sopo, kudula ulusi ndi mano, ngakhale kupendeketsa mutu akamalowetsa ulusi pasingano monga mmene abwanawo amachitira. Zina mwa zimenezi n'zothandiza pantchito, zina ndi zizolowezi chabe za munthu mmodzi, koma iye akutenga zonse. Kumeneko ndi "imitate". Papita zaka, mnyamata uja watsegula shopu yakeyake kutauni, akusokera makina amagetsi pamene abwana ake ankapalasa ndi phazi, ndipo masitayelo amene akusoka ndi ena. Komabe mumtima mwake akufuna kuti suti yake izikhala pathupi pa munthu bwino lomwe ngati ya abwana aja, ndiponso kuti makasitomala azimukhulupirira monga ankawakhulupirira iwo. Tsopano palibe chimene akuchita chofanana ndi abwana ake m'maonekedwe, koma apa mpamene tinganene kuti "he is emulating his master".

Nkhani za masewera zimaonetsa bwino kusiyana kumeneku. Timu ya dziko lino la Malawi ya mpira wamiyendo, yotchedwa Flames, inapita koyamba kumpikisano wa Africa Cup of Nations m'chaka cha 1984 ku Ivory Coast, ndipo inadzapitanso m'chaka cha 2010 ku Angola, kumene inagonjetsa Algeria ndi zigoli 3 kwa 0. Mtolankhani akhoza kulemba kuti "The 2010 Flames emulated the 1984 team", kutanthauza kuti anyamata a 2010 anafika pamene akuluakulu awo anafika. Akanalemba "imitated", owerenga akanamva kuti ankatsanzira kaseweredwe kapena kavalidwe ka timu yakaleyo. Chimodzimodzinso Didier Deschamps wa ku France, amene anatenga chikho cha dziko lonse ali wosewera m'chaka cha 1998 n'kudzachitenganso ali mphunzitsi wa timu m'chaka cha 2018, anachita "emulate" Mário Zagallo wa ku Brazil ndi Franz Beckenbauer wa ku Germany, amene anali atachita kale zomwezo. Onani kuti m'ziganizo zotere mneniyu sakunenanso za kuyesa chabe, akunena kuti munthuyo wafikadi.

Akatswiri ofufuza mmene ana ndi nyama amaphunzirira amagwiritsa ntchito mawu awiriwa mosamala kwambiri, ndipo kafukufuku wina amandithandiza m'kalasi kuposa tanthauzo lililonse la m'buku. M'chaka cha 2005, Victoria Horner ndi Andrew Whiten a kuyunivesite ya St Andrews ku Scotland anafalitsa zimene anapeza atayesa anyani aakulu otchedwa chimpanzee a pachilumba cha Ngamba ku Uganda, pamodzi ndi ana aang'ono a zaka 3 mpaka 4. Munthu wamkulu ankaonetsa mmene angatulutsire mphotho m'kabokosi: choyamba ankalowetsa kamtengo pabowo la pamwamba, kenako ankatsegula kachitseko ka kutsogolo n'kutulutsa mphothoyo. Kabokosi kakakhala kosaonekera mkati, anyani ndi ana omwe ankatsatira zonse ziwiri. Atabweretsa kabokosi koonekera mkati, zinadziwika kuti bowo la pamwambalo silinkafika pamene panali mphotho, ndipo anyaniwo anasiya kulabadira bowolo n'kumangopita pakachitseko, pamene ana anapitiriza kuchita zonse monga anaonera. Pa chiyankhulo cha akatswiriwa, zimene anachita anawo ndi "imitation", chifukwa anatenga njira yonse, ndipo zimene anachita anyaniwo ndi "emulation", chifukwa anatenga cholinga n'kusiya zosafunika. M'sayansi imeneyi nkhani ya kusirira mulibe, koma msana wa tanthauzo ndi womwewo.

Choncho mukaima pakati pa aneni awiriwa, dzifunseni mafunso awiri. Loyamba: munthu ataima pambali n'kumaonerera, kodi angaone kapena kumva kufananako nthawi yomweyo? Ngati angatero, lembani "imitate". Lachiwiri: kodi munthuyu akhoza kufika pamene akufunapo podzera njira ina yosiyana ndi ya mnzakeyo, chiganizo n'kukhalabe choona? Ngati zili choncho, lembani "emulate".

Ndivomereze kuti pali malo amene malirewa saoneka bwino. Eni chiyankhulochi amanena "emulate his style" pokamba za woimba kapena wolemba wachinyamata amene akutsatira luso la katswiri, ngakhale kuti luso loterolo ndi kachitidwe. Amatero pofuna kuonetsa kuti wachinyamatayo amalemekeza katswiriyo ndipo akufuna kufika pa msinkhu wake. Akanena "imitate his style" amangofotokoza kuti zikufanana, ndipo nthawi zina mumamveka kadandaulo kakuti alibe chakechake. Inu mukamalemba za munthu amene mukufuna kumulemekeza, kusiyana kochepaku n'kofunika, pakuti woimba amene mwamulemba kuti "he imitates" akhoza kukhumudwa, pamene "he emulates" angakondwere nako.

5. Mangani chiganizo popanda mperekezi

Onse awiri ndi aneni oyambukira, kutanthauza kuti pamtherankhani amabwera pompo mneni akangotha, popanda mperekezi pakati. Cholakwa chimene ndimachipeza kwambiri m'makope ndi "emulate from", monga "We should emulate from our elders". Chimachokera ku Chichewa, pakuti ife timati titengere chitsanzo kwa akuluakulu, ndipo wophunzira amamasulira "kwa" uja kukhala "from". Cholondola ndi "We should emulate our elders". Ngati dzanja lanu likukakamira kulemba "from", ndiye kuti mneni amene mukumufuna ndi "learn", ndipo mulembe "learn from our elders".

Yang'ananinso mtundu wa dzina limene likutsatira. Pambuyo pa "emulate" pamakonda kubwera munthu wopambana kapena mayina onga "success", "achievement", "feat" ndi "example". Pambuyo pa "imitate" pamakonda kubwera "voice", "accent", "sound", "walk" ndi "handwriting". Mawu aja akuti "emulate the gesture" ndi olondola, popeza "gesture" pamenepo ndi ntchito yachifundo imene ena akupemphedwa kuti achite yofanana nayo. Koma liwu lomweli limatanthauzanso chizindikiro cha manja, ndiye mukalemba "imitate the gesture" owerenga aona munthu akugwedeza mkono monga mnzake. Kwa alembi a makomiti ndingowonjezera kuti mawuwa atchulidwa kwambiri moti afika posuluka, ndipo "follow this example" kapena "do the same" amamveka bwino pamsonkhano wa anthu wamba.

6. Samalani kalembedwe ndi katchulidwe

"Imitate" ali ndi m mmodzi, ndipo "immitate" ndi cholakwa. "Emulate" amayamba ndi e, alinso ndi m mmodzi, ndipo ali ndi l, osati r. Poti m'Chichewa l ndi r amasinthana popanda kusintha tanthauzo, ambiri amalemba "emurate" osazindikira. Choopsa kwambiri ndi kulemba "immulate", chifukwa liwu limeneli kulibe, ndipo limene lili pafupi nalo ndi "immolate", kutanthauza kupha ngati nsembe, makamaka pootcha ndi moto. Potchula, mphamvu ya mawu imagwera paphatikizo loyamba mwa aneni onse awiri, ndipo pakati pa "emulate" pamamveka "myu", osati "mu".

7. Dziwani tanthauzo la pakompyuta

Achinyamata ambiri amakumana ndi liwu lakuti "emulator" asanamve n'komwe za "emulate" wa m'nyuzipepala. Imeneyi ndi pulogalamu kapena chipangizo chimene chimachititsa kompyuta ina kugwira ntchito ngati makina a mtundu wina, moti munthu amatha kusewera magemu akale a PlayStation palaputopu, kapena kuyesa pulogalamu ya foni ya Android pakompyuta asanaiike m'foni yeniyeni. Tanthauzo limeneli linayamba kukampani ya IBM m'zaka za m'ma 1960, pamene ankafuna kuti makompyuta awo atsopano a System/360, amene analengezedwa m'chaka cha 1964, azitha kuyendetsa mapulogalamu olembedwera makina akale monga IBM 1401. Makina sasirira anzake, koma mfundo ya m'sitepe lachinayi ikugwirabe ntchito, pakuti mkati mwa makina awiriwo ndi mosiyana pamene zotsatira zake n'zofanana. Pankhani ya makompyuta musasinthanitse liwuli ndi "imitator", amene ndi munthu wotsanzira.

8. Onetsetsani kuti simukufuna mneni wina wachitatu

Nthawi zina onse awiri sakwanira. Ngati munthu akutsanzira mawu ndi nkhope ya mnzake mwaluso kuti anthu aseke, "mimic" ndi amene amakhala bwino, ndipo kumbukirani kuti amalandira k m'mawu akuti "mimicked" ndi "mimicking". Ngati akudzionetsa ngati munthu wina pofuna kunamiza anthu, monga wolembera mnzake mayeso kapena wovala yunifomu ya apolisi asali wapolisi, mneni wake ndi "impersonate", ndipo umenewo ndi mlandu. Ngati mukudzudzula munthu wongotengera zilizonse mosaganiza, pali "ape", koma ameneyu ndi wachipongwe ndipo musamulembe m'kalata yaulemu.

Tsopano tengani ziganizo zanu zimene munalemba kale n'kuziyesa ndi mafunso awiri aja. Mphwanga uja anali atalemba m'kalata yake kuti "I want to imitate your best sales officers". Ndinamufunsa ngati akufuna kuti azikayankhula ndi kuvala ngati iwo, kapena kuti azikagulitsa katundu wochuluka monga iwo. Anati akufuna kugulitsa monga iwo, mwinanso kuwaposa, ndipo akagwiritsa ntchito njira zimene anaphunzira kukoleji. Tinafufuta "want to imitate" n'kulembapo "hope to emulate the success of". M'ndime yotsatira anali atalembanso kuti "I emulated my mother's patience from birth", ndipo pamenepo tinabwerera kusitepe loyamba, chifukwa chimene munthu wabadwa nacho sanachichitire khama. Chiganizocho chinakhala "I take after my mother in patience", koma titachiwerenganso tinagwirizana kuti abwana olemba ntchito sakufunika kudziwa zimenezo, ndipo tinachichotsa m'kalatamo.